Amtali, njinga yamoto ili ngati nsapato: iyeseni musanalipire

Msuweni wanga wina amachita kabaza pa Mwanza. Ndi mnyamata wa msinkhu, wa aja amawerama polowa pakhomo la golosale. Atasonkhanitsa ndalama za manachesi za zaka ziwiri, anaoloka malire n'kukabwera ndi njinga yamoto yomwe aliyense pa siteji anaikhumbira. Inali yakuda, yazitsulo zonyezimira, chishalo chake chotsika ngati mpando wa pabalaza, mahandulo opindikira kumbuyo.

Miyezi itatu isanathe, njinga ija inayamba kugona m'nyumba dzuwa lili pamutu. Injini inalibe vuto. Vuto linali msana wa mwini wake. Ikamakwana 2 koloko masana, mawondo ankakhala atauma, m'chiuno mukuphwanya, ndipo ulendo wa kumudzi ankaukana n'kuupereka kwa anzake. Pomaliza anaigulitsa motaya. Akuluakulu anati chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Sabata ino tisiye kaye za mitengo ya nandolo ndi mbatatesi, tikambe za chinthu chimene ambiri sachiwerengera pogula njinga yochitira bizinesi: kodi njingayo ikugwirizana ndi msinkhu wanu?

Njinga zimasiyana

Njinga zimene mumaziona mu msewu wa M6, kuchokera pa Zalewa mpaka pa chipata cha Mwanza, tikhoza kuzigawa patatu.

Pali zotsika chishalo, zimene amalonda amazitcha cruiser. Kapangidwe kameneka kanatchuka ku America ndi njinga za Harley-Davidson, ndipo makampani a ku China ndi India anatengera maonekedwewo pa njinga zing'onozing'ono. Chishalo cha njinga zotere nthawi zambiri chimakhala masentimita pakati pa 65 ndi 75 kuchokera pansi. Popondera mapazi pamakhala kutsogolo, ndipo munthu amakhala ngati watsamira.

Pali zapakati, zimene akabaza ambiri amayendera. Chishalo chake n'chachitali, chosapindika kwambiri, ndipo chimakhala pafupifupi masentimita 75 mpaka 80 kuchokera pansi. Mapazi amaponda pansi pa thupi.

Kenaka pali zazitali, za m'misewu yafumbi, monga Yamaha AG, Yamaha DT ndi Honda XL, zija amayendera alangizi azaulimi ndi ogwira ntchito m'mabungwe. Izi chishalo chake chimapitirira masentimita 80.

Njinga yotsika ili ndi ubwino wake. Munthu wamfupi amaponda pansi ndi mapazi onse awiri, kotero sagwa chisawawa akaima ndi katundu. Pa phula losalala imayenda mokoma. Koma amene anaipanga ankaganiza za misewu ikuluikulu yowongoka, osati njira ya ku Thambani kapena ku Kunenekude nthawi ya dzinja.

Chimene chimapweteka wamtali

Thupi limagunda njinga malo atatu: pa chishalo, pa mahandulo ndi popondera mapazi. Malo atatuwa akayandikana kwambiri, munthu wamtali amakhala ngati wamupinda n'kumuika m'dengu.

Choyamba ndi mawondo. Chishalo chikatsika pomwe popondera sipali patali, bondo limakwera kuposa chiuno. Zikatero msana umapindika ngati uta ndipo thupi lonse limalemera pa kafupa ka kumapeto kwa msana. Ola limodzi munthu amapirira. Maola khumi, masiku asanu ndi limodzi pa sabata, thupi limakana.

Chachiwiri ndi maenje. Pa njinga imene mapazi amaponda pansi pa thupi, mukaona dzenje kapena hampu mumadzutsa thupi pang'ono ndipo miyendo ndi imene imalandira kugundako. Mapazi akakhala kutsogolo simungadzuke. Dzenje lililonse limafika ku msana monga lilili.

Chachitatu n'chishalo chokumbika pakati. Chimakukhazikani malo amodzi, simungasunthire kumbuyo kuti muongole miyendo. Ndiye mukakweza kasitomala, kapena mukamanga thumba la makala pa kaliyala, katunduyo amakukankhirani pa thanki. Pokhota, handulo imagunda bondo. Apa nkhani yasiya kukhala ya kutopa, yafika pa ngozi, makamaka pa Mwanza pomwe mumapikisana msewu ndi mathiraki ochokera ku Tete, Beira ndi Joni.

Onjezani kuti njinga zotsikazi mimba yake imakhala pafupi ndi nthaka, kotero zimagunda miyala, ndipo zambiri n'zazitali m'litali, sizitembenuka msanga m'tinjira ta m'minda.

Tiwerengere limodzi

Wina anganene kuti mwamuna salira msana. Chabwino, tiyeni tiike nkhaniyi m'ndalama. Izi n'zongoyerekeza, inu muikepo mitengo ya pa siteji panu.

Tinene kuti pa tsiku mumayenda maulendo 15 a K2 000 uliwonse. Ndiye kuti mwagwira K30 000 musanachotse mafuta. Thupi likamakuweruzani msanga n'kutaya maulendo anayi okha, mwataya K8 000. Pa masiku 26 ogwira ntchito, ndi K208 000 pa mwezi. Ndipo maulendo amene munthu wotopa amayamba kukana ndi aja ataliatali a kumudzi, omwenso ndi amene amakhala ndi ndalama. Apa sitinawerengere mankhwala opha ululu ndi masiku ogona.

Kumbukiraninso kuti kuchokera pomwe kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, njinga ndi zipangizo zake zinakwera mtengo kwambiri. Kugula molakwika lero si nkhani yoti mawa mungogula ina.

Muyezo woyenera kuudziwa

Anthu awiri akhoza kukhala ofanana msinkhu koma wina n'kukhala wa miyendo yaitali, wina wa thunthu lalitali. Pa njinga, chofunika kwambiri ndi mwendo. Vulani nsapato, imani motsamira khoma, ndipo wina akuyezeni ndi tepi ya telala kuyambira pansi mpaka pomwe miyendo yakumana. Nambala imeneyo muisunge. Ngati yaposa kutalika kwa chishalo ndi masentimita ambiri, monga 15 kapena 20, khalani tcheru, mawondo adzavutika pokhapokha popondera mapazi pakhale patali ndithu.

Komabe tepi siiposa kukhalapo. Mukafika pogula, kaya m'shopu ya ku Limbe, kaya kwa munthu pa boma, kaya tsidya lija la Zobue, chitani izi musanatulutse ndalama.

Khalani pa njingayo mphindi zosachepera khumi, mapazi onse ali popondera, mnzanu atakugwirirani. Mphindi imodzi njinga iliyonse imakoma.

Yang'anani bondo. Likhale lofanana ndi chiuno kapena lotsikirapo pang'ono.

Gwirani mahandulo. Zigongono zipindike pang'ono, mapewa asakwere, msana usawerame.

Pindani handulo mpaka pothera, kumanja ndi kumanzere. Ikagunda bondo, njingayo si yanu.

Yesani kudzuka pang'ono mapazi ali popondera. Mukalephera, dziwani kuti maenje onse adzathera mu msana wanu.

Kwezani mnzanu kumbuyo, makamaka wathupi, muone ngati malo akutsalabe.

Pondani buleki ya kumbuyo ndi kusintha magiya mutavala nsapato zomwe mumagwira nazo ntchito. Wamtali nthawi zambiri phazinso limakhala lalikulu.

Wogulitsa akamakufulumizitsani, musachite manyazi kuchoka. Izi n'zofunika kwambiri kwa ogula kunja kwa malire. Njinga mukailowetsa m'dziko muno mumayenera kuionetsa ku MRA n'kulipira msonkho, kenaka kuilembetsa ku nthambi yoona za pamsewu ya DRTSS ndi kuidulira inshulansi. Mukadutsa zonsezi, kubweza njinga kwa amene anakugulitsani n'kovuta, ndipo ndalama ya msonkho ndi mayendedwe mwaitaya kale. Onaninso kukula kwa injini, chifukwa laisensi ya A1 imathera pa 125cc, yoposa apo imafuna laisensi ya A.

Ngati munagula kale

Si onse angagulitse njinga n'kugula ina. Pali zinthu zotsika mtengo zimene zimathandiza.

Yambani ndi chishalo. Osoka mipando ya galimoto akhoza kuonjezera siponji yolimba ya masentimita atatu mpaka asanu, n'kudzaza pokumbika paja kuti muzitha kusunthira kumbuyo. Umirirani siponji yolimba. Yofewa ya matilesi imakoma tsiku loyamba, pakatha sabata yaphwa ndipo mwabwerera pomwe munali.

Mahandulo amamangidwa ndi maboti pakati. Makaniko akhoza kuwamasula n'kupendeketsa mahandulowo kutsogolo pang'ono kuti manja atambasuke ndi kuti achoke pa mawondo. Akamaliza, lizani injini, musaponde giya, ndipo pindani handulo mbali zonse. Injini ikakweza mawu yokha, waya wa mafuta wakokeka, ndipo musayende mpaka akonze. Onaninso waya wa kilatchi ndi wa buleki ya kutsogolo.

Chosinthira magiya chimazulidwa n'kubwezeretsedwa motsika kapena mokwera pang'ono. Chopondera buleki nachonso chimasinthika pa njinga zambiri. Ntchito ya mphindi zochepa imeneyi imapumitsa bondo ndi kamfundo ka phazi.

Mashoko a kumbuyo pa njinga zambiri ali ndi kamphete ka masitepe pansi pa sipuling'i. Ngati ndinu wolemera kapena mumanyamula katundu, kwezani sitepe kuti njinga isamakhale pansi. Mbali zonse ziwiri zikhale pa sitepe imodzi. Magalasi nawonso akwezeni, chifukwa wamtali nthawi zambiri amangoona zigongono zake m'malo moona thiraki imene ikubwera.

Pomanga katundu, siyani mpata wa chikhatho pakati pa msana wanu ndi thumba. Komanso musaunjike kulemera konse kumapeto kwa kaliyala, tayala la kutsogolo limapepuka ndipo njinga imasiya kumvera.

Izi zokha musachite

Musalole munthu kudula kapena kuwotcherera felemu pofuna kutalikitsa njinga. Powotchererapo ndi pomwe pamadzathyoka, ndipo pamathyoka muli pa liwiro ndi kasitomala kumbuyo. Moto ukakhudzanso nambala ya felemu, mudzavutika ndi apolisi komanso podzagulitsa.

Musaike mashoko aatali a njinga ina mongoganizira. Amasintha kakokedwe ka tcheni ndi kakhotedwe ka njinga. Musasunthe popondera mapazi ndi tizitsulo topyapyala ta pa msika, poti pamenepo ndi pomwe pamanyamula thupi lanu lonse mukadzuka. Ndipo pilo womangirira ndi mphira pa chishalo amaterera pa nthawi yomwe mwaponda buleki mwadzidzidzi.

Kwa mabwana ogulira anyamata

Amalonda ambiri pa Mwanza amagula njinga n'kupatsa mnyamata kuti azibweretsa ndalama madzulo. Mutengeni mnyamatayo pokagula. Iye ndi amene adzakhalepo tsiku lonse. Ngati njinga imodzi azisinthana anthu awiri, wamtali ndi wamfupi, yapakati ija ndi imene imalolera onse, chifukwa chishalo chake chachitali chimapatsa aliyense pokhala pake. Ndi imenenso siivuta kugulitsa, ndipo zipangizo zake zimapezeka msanga.

Msuweni wanga uja tsopano ali ndi njinga yapakati, yogula kwa munthu, utoto wake wosuluka. Anaikweza chishalo ndi siponji yolimba. Palibe amene amaicheukira pa siteji. Koma nyengo ya manachesi ikafika, iye ndi amene amatsika ndi madengu kuchokera kumidzi mpaka dzuwa kulowa, ndipo m'mawa mwake amadzuka n'kupitanso.