Sukulu ya kwathu yayamba kupuma

Ife amene tinayamba Sitandade 1 mu 1994, chaka chimene boma la Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale, kalasi yathu yoyamba inali mtengo wa mango. Chiwerengero cha ana a sukulu m'dziko muno chinalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni, zipinda zili zomwe zija. Bolodi ankaliyedzamiritsa pa tsinde, ife tili pafumbi, ndipo mitambo ikangoda cha ku Dzalanyama aphunzitsi ankatiuza kuti tiweruke.

Makolo sanakhale manja lende. Kuyambira ku Likuni, kudutsa kwathu kuseri kwa Mitundu mpaka ku Nathenje, mafumu anamema anthu, zikombole zinatuluka, mauvuni anafuka usiku wonse. Mdadada umene tinamanga ndi thukuta limenelo tinaunyadira, komabe unkazunza ana. Denga linali lotsika, malata ali pamutu penipeni. Mawindo anali timabowo ta njerwa, moti mwana wakumbuyo ankachita kutsinzinira kuti aone zapabolodi, kunja dzuwa likuswa mtengo. Mu Okutobala chipindacho chinkasanduka uvuni wachiwiri, ana atathithikana, ena akuwodzera. Mvula ikayamba, malata ankameza mawu a aphunzitsi. Pansi panali dothi lokumbika, kwawo kwa matekenya, ndipo mmodzi akayamba kutsokomola Lolemba, pofika Lachisanu kalasi yonse inali ikuyankhira. Atsikana otha msinkhu ankajomba akakhala kumwezi chifukwa chimbudzi chinalibe chitseko.

Koma bwerani lero mudzaone!

Mdadada watsopano waima poyera, wofiirira, ndipo m'makoma ake mulibe njerwa yootcha ngakhale imodzi. Mu 2018 bungwe loyang'anira zomangamanga la NCIC linaika malamulo oletsa njerwa zootcha pa ntchito za boma ndi nyumba zamalonda. Ambiri tinkaganiza kuti ndi nkhani ya m'tauni, mpaka tsiku limene makina opsinjira njerwa anatsitsidwa pabwalo la sukulu. Dothi amalisefa, kusakaniza simenti pang'ono, kuwaza madzi ochepa, kenako anyamata awiri n'kukoka mkono wa makina. Njerwa imatuluka yosalala, yangodya zakuthwa, ndipo imaumira pamthunzi akuithirira kwa masabata angapo. Amfumu athu sanakhulupirire msanga. Anaikanda ndi chikhadabo, kenako anaiviika mu ndowa kuti igone m'madzi. Kutacha inatuluka yathunthu, iwo n'kuseka mokweza mpaka nduna zawo kuwomba m'manja.

Chimene chimandisangalatsa kwambiri pa njerwa imeneyi ndi mitengo imene yapulumuka. Aliyense woyenda mumsewu wa Mitundu kapena wa Likuni m'mamawa amakumana ndi njinga zolemedwa ndi makala ndi nkhuni. Zambiri zimachokera ku nkhalango ya Dzalanyama, kumene kumayambira mtsinje wa Lilongwe, womwe umadzaza madamu a Kamuzu ku Malingunde kuti mzinda wonse umwe. Kale tinkaphunzira ubwino wa mitengo m'chipinda chimene chinadya mitengo kuti chimangidwe. Lero aphunzitsi amangoloza khoma.

Lowani mkati masana a Okutobala, thukuta limauma lokha. Amisiri anauimika mdadadawu mwanzeru: makoma aatali ayang'ana kumpoto ndi kummwera, choncho dzuwa lam'mawa ndi lamadzulo limamenya makoma aafupi opanda mawindo. Mawindo akuluakulu ali mbali zonse ziwiri, mphepo ikulowa uku n'kutulukira uko, kunyamula chifungafunga ndi chifuwa chomwe. Pakati pa khoma ndi denga anasiya mpata wotchinga ndi sefa, kuti mpweya wotentha, umene chikhalidwe chake n'kukwera, upeze potulukira. Nzeru yokweza denga imeneyi ndi imene inatchukitsa Francis Kéré wa ku Burkina Faso, amene anamanga sukulu ya m'mudzi wakwawo ku Gando mu 2001 ndi njerwa zadothi, ndipo mu 2022 analandira mphoto ya Pritzker, yapamwamba zedi kwa ojambula mapulani a nyumba. Ndikaganiza kuti mwana wa ku Mitundu akupumira mpweya wofanana, mtima umandivina.

Mkati anapaka zoyera, kuwala kukufika mpaka ku desiki lomaliza. Pansi ndi pasimenti, ana amakolopa Lachisanu akuimba. Denga ndi lotambalala, lapanga khonde lokhalapo nthawi ya buleki ndi kuteteza khoma ku mvula, ndipo mitengo yake anaimangirira ndi zitsulo ku konkire ya pamwamba pa khoma. Mphepo yamkuntho ya mvula yoyamba inabwera monga mwa nthawi zonse, inakankha, inalephera. Pakhomo pali potsetsereka, mwana woyenda pa chikuku amalowa yekha osanyamulidwa.

Madzi a padenga sakukokololanso bwalo, akutsikira mu thanki. Amene akukumbukira Januwale wa 2023, pamene sukulu za mu Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha kolera, akudziwa kufunika kwa mpondagiya ndi sopo pakhomo pa chimbudzi. Zimbudzi zatsopano zili ndi paipi yotulutsa fungo, zitseko zotseka ndi loko wamkati, komanso chipinda chosinthiramo atsikana chimene amayi a mother group amachisamala ngati chawo. Kuseri, phala la Likuni, lija linatenga dzina ku chipatala cha mishoni ya Likuni, likuphikidwa pa mbaula yosadya nkhuni zambiri, amayi ophika osakhetsanso misozi ya utsi.

Boma, kudzera mu pulogalamu ya MERP yothandizidwa ndi World Bank ndi Global Partnership for Education, linalonjeza zipinda zophunziriramo 10,900. Ndikulakalaka chilichonse mwa izo chikhale ndi mawindo mbali ziwiri ndi denga lokwezeka, pakuti kuyang'anitsa khoma kumpoto sikulira ndalama yowonjezera. Kwathu makina aja sanapume. Komiti ya sukulu yagwirizana kuti njerwa zotsatira zikhale za nyumba ya aphunzitsi, ndipo midzi iwiri yoyandikana nafe yatumiza kale nthumwi kudzafunsa tsiku lobwereka.