Ma harpsichord awiri ku Cape Town: mkangano wa zaka 300

Mu 2025 zinakwana zaka 300 chisindikizireni ku Paris buku la nyimbo la François Couperin lotchedwa L'Apothéose de Lully. Nyimbo zambiri m'bukumo anazilembera zida ziwiri za mawu okwera, monga vayolini kapena chitoliro, pamodzi ndi besi. Koma m'mawu oyamba, Couperin anauza ogula bukulo kuti angathenso kuziimba pa ma harpsichord awiri, monga ankachitira mwini wakeyo ndi a m'banja mwake komanso ophunzira ake. Mawu ochepawo ndi amene amautsa mtsutso mpaka lero, ngakhale ku Cape Town, komwe okonda nyimbo zakale za ku Ulaya amasonkhana m'matchalitchi ndi m'maholo ang'onoang'ono.

Poiona patali, harpsichord imafanana ndi piyano yowonda. Kusiyana kuli m'kati. Piyano imamenya nsambo ndi tinyundo, pomwe harpsichord imazikanda ngati mmene chala chimachitira pa bangwe. Kachikhadabo kokandirako kale kankasemedwa ku nthenga ya khwangwala, masiku ano kambiri n'kapulasitiki. Choncho woimba adinize mwamphamvu kapena pang'ono, mawu amatuluka pafupifupi chimodzimodzi, ndipo sachedwa kuzilala.

Madzulo ena a mu Julayi, mvula ya m'nyengo yozizira ikuwaza, zida ziwiri zotere anaziika kutsogolo m'tchalitchi china chakale cha pakati pa mzindawu. Anaziyang'anitsana, mbali zake zokhota zitalowana, kuti oimba aziwonana nkhope. Wochuna anayamba ntchito dzuwa likali pamutu, popeza chida chilichonse chili ndi nsambo zoposa 150, ndipo nsambo iliyonse iyenera kugwirizana ndi inzake ya pachida chinacho. Anthu atalowa ndi majekete onyowa, mpweya wa m'tchalitchimo unasintha, thabwa linamva, moti panthawi yopuma wochunayo anabwereranso ndi kasipanala kake, khutu lili pansambo, anthu akumwa tiyi kunja.

Oimbawo anali mayi wa imvi ndi mnyamata amene ankaoneka kuti ndi wophunzira wake. Panalibe wowatsogolera ndi ndodo. Mayiyo anakoka mpweya, n'kugwedeza mutu pang'ono, ndipo manja anayi anatera pamodzi. Anayamba ndi Allemande, yomwe Couperin anailembera ma harpsichord awiri m'buku lake lachiwiri la nyimbo za chidachi. Mawu ankachoka kumanzere, kumanja kukuyankha asanathe, mpaka womvera sakanathanso kudziwa chida chimene chikulankhula. Amene anaonapo anthu awiri atakhala moyang'anizana pa mangolongondo, wina akuponya mawu m'mipata ya mnzake, sangavutike kumva chimene chinkachitika. Mnyamatayo atafulumira pang'ono pa kanjenjemera kena, mayiyo sanayang'ane n'komwe: anangochedwetsa dzanja lamanzere, mnzakeyo n'kubwerera mumzere.

Pa Allemande imeneyi palibe amene amatsutsa, chifukwa inabadwira zida ziwirizo. Mkangano umabuka pulogalamu ikafika pa nyimbo zomwe zinalembedwera vayolini ndi chitoliro.

Otsutsa amati kuchita zimenezi n'kuchotsa mtima wa nyimbo. Vayolini imatha kugwira liwu limodzi, kulikuza pang'onopang'ono, kenako kulitsitsa ngati munthu wodandaula. Harpsichord siingathe. Liwu likangokandidwa limayamba kufa, ndipo m'zigawo zoyenda pang'onopang'ono, monga zolira maliro, pamatsala mipata. Amanenanso kuti zida ziwiri zofanana zimabisa kusiyana kwa mawu komwe chitoliro ndi vayolini zikanaonetsa. Chachitatu n'chakuti oimba onse awiri amaimba besi imodzi ndi dzanja lamanzere, ndipo wina akachedwa pang'ono chabe, khutu limamva ngati mbale ziwiri zagwa motsatizana.

Ovomereza amaloza kwa mwini nyimbo. Couperin ankalidziwa vutoli ndipo analitchula yekha m'mawu oyamba aja: popeza chidachi sichisunga liwu, woimba atalikitse tinjenjemera ndi zokometsera zina mpaka nthawi ya liwulo ikwane. Ananenanso kuti nthawi zambiri n'kwapafupi kupeza zida ziwiri kusiyana n'kusonkhanitsa akatswiri anayi. Ndipo sanali woyamba. Mu 1705, Gaspard Le Roux anasindikiza ku Paris nyimbo zoti zikhoza kuimbidwa ndi munthu mmodzi, ndi gulu la zida zitatu, kapena pa ma harpsichord awiri. Kwa oimba a nthawi imeneyo, nyimbo inkavala zovala zimene zapezeka pakhomo.

Umboni wa mbiri uli kumbali ya ovomereza, ndipo n'kulakwa kunena kuti mwambowu ndi wopeka. Komabe otsutsa sakunama pa zimene khutu limamva. Madzulo aja, zigawo zothamanga zinawala kuposa mmene vayolini zikanachitira, mawu akuthwanima ngati matalala padenga la malata. Chigawo chimodzi chodekha chinaoneka chowonda ngakhale tinjenjemera tinatalikitsidwa, ndipo anthu ena anayamba kusuntha m'mipando. Nzeru yagona posankha nyimbo zoyenera, ndipo si onse okonza mapulogalamu amene amasankha bwino.

Mawu a Couperin onena za kupezeka kwa zida ndi amene sagwira ntchito ku Cape Town. Kuno ovayolini ndi ochuluka, koma ma harpsichord ndi owerengeka, ndipo kuti awiri akumane pamafunika kuchotsa miyendo, kukulunga m'mabulangete, kukweza pagalimoto ndi kuchunanso atafika. M'chilimwe mphepo yamphamvu yochokera kum'mwera chakum'mawa imabweretsa mavuto akenso pathabwa ndi pansambo.

Dzina la Le Roux silachilendo kwa omvera a kuno. Mfumu Louis XIV, yomwe Couperin ankaiimbira, inathetsa ufulu wa Apulotesitanti mu 1685, ndipo ena mwa Apulotesitanti amene anathawa anafika ku Cape mu 1688 n'kukakhala kudera la Franschhoek, makilomita pafupifupi 75 kuchokera mumzindawu. Pakati pawo panali a banja la Le Roux, ndipo dzinali likupezekabe pazikwangwani za minda ya mpesa ndi m'makaundula a sukulu.