Msewu wa Intaneti Wafika pa Boma, Nanga Kumudzi?

Mlimi akatumiza uthenga pa foni kufunsa mtengo wa soya ku Lilongwe, uthengawo suuluka mumlengalenga ulendo wonse. Ukafika pa nsanja ya netiweki, nthawi zambiri umalowa mu nthambo za fibre, zomwe mkati mwake muli timaulusi ta galasi toonda ngati tsitsi. M'timaulusi timeneti uthenga umayenda ngati kuwala, ndipo nthambo imodzi imanyamula mauthenga miyandamiyanda nthawi imodzi.

Kuchokera pansi pa nyanja

Kale maiko a m'chigawo chino ankadalira kwambiri masetilaiti, omwe mtengo wake udali wokwera. Zinthu zidayamba kusintha mu 2009 pamene nthambo ya pansi pa nyanja ya SEACOM idayamba kugwira ntchito. Mu 2010 padabwera inanso ya EASSy. Zonse ziwiri zimatulukira kumtunda ku Mtunzini m'dziko la South Africa, ku Maputo ndi ku Dar es Salaam.

Maiko amene ali kutali ndi nyanja yamchere, monga Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, amayenera kukoka nthambo zawo kuti zikalumikizane ndi za anansi awo. Mu 2018 boma la Malawi lidatsegulira gawo loyamba la nthambo zolumikiza dziko lonse, zotalika makilomita pafupifupi 1,300. Kampani ya Huawei ndiyo idagwira ntchitoyi ndi ngongole yochokera ku China, ndipo nthambozi zidatsata mizere ya magetsi ya ESCOM.

Kufunika kwa njira zingapo kudaoneka pa 12 May 2024, pamene SEACOM ndi EASSy zidaduka pansi pa nyanja. Intaneti idavuta kwa masiku angapo ku Tanzania, Mozambique ndi Malawi.

Chatsala n'chiyani?

Nthambo zikuluzikuluzi zili ngati msewu wa tala: zimafika pa boma, koma sizifika pakhomo. Kalembera wa 2018 adapeza kuti Amalawi 84 mwa 100 alionse amakhala kumudzi, pomwe mabanja 11 okha mwa 100 ndiwo ankaunikira magetsi. Kopanda magetsi nsanja imafuna jenereta kapena sola, ndipo makampani amazengereza kumanga kumene makasitomala ndi ochepa. Ngakhale netiweki ifike, banja losauka limayamba laganizira za ufa lisanagule foni yamakono ndi bandulo. Intaneti ya Starlink, imene idafika ku Malawi, Zambia ndi Mozambique mu 2023, siidalira nthambo kufika pakhomo, koma zipangizo zake n'zodula kwa mlimi payekha.

Komatu amene akutsalira ndiye akuluza. Mlimi wosadziwa mitengo ya m'tauni amagulitsa mbewu pa mtengo umene vendala wanena. Uthenga wa zanyengo ndi malangizo a alangizi zimamupeza mochedwa.

Udindo wathu

Lamulo la zofalitsa mauthenga la 2016 ku Malawi lidakhazikitsa thumba lapadera, loyendetsedwa ndi bungwe la MACRA, lothandiza kufikitsa mauthenga kumadera amene makampani sapitako. Makomiti a chitukuko a m'midzi angathe kulemba madera opanda netiweki n'kukapereka ku khonsolo, kuti pempho lawo lilowe m'mapulani a boma. Makalabu ndi makopaletivu a alimi angasonkherane kugula sola ndi kulumikiza intaneti pamalo amodzi, monga pasukulu kapena posungira mbewu.

Mafumu nawonso achenjeze anthu awo za kuba nthambo ndi kutentha tchire pafupi ndi mapolo. Mu fibre mulibe kopa woti n'kugulitsa, koma ikadulidwa, chipatala, sukulu ndi msika zonse zimasowa mauthenga.