Mutu 7: Kusankha SSD pomanga kompyuta ya masewera

Mawu oyamba

Aphunzitsi, ana ambiri masiku ano amayamba kudziwa kompyuta kudzera m'masewera. Ena ali ndi abale ku Boksburg, m'dera la Ekurhuleni ku South Africa, amene amagula zipangizo chimodzichimodzi n'kumanga okha kompyuta. Ndalama zake n'zokhetsera thukuta. Choncho mwana kapena kholo akakufunsani nzeru, mukhale ndi yankho. Mukamaliza mutuwu mudzatha kufotokoza zinthu zitatu zoyenera kuona musanagule SSD.

Kodi SSD n'chiyani?

SSD ndi chosungira zinthu mu kompyuta. Hard disk yakale ili ndi timbale tozungulira maulendo 5,400 kapena 7,200 pa mphindi, ndipo kamkono kamayenda kufufuza chimene mwafuna. SSD ilibe chozungulira. Imasunga zinthu m'timachipu, ngati memori khadi ya mufoni. N'chifukwa chake masewera amatseguka msanga. Koma dziwani izi: SSD siwonjezera kukongola kwa zithunzi. Imeneyo ndi ntchito ya graphics card.

1. Kodi ilowa?

Yambani mwawerenga kabuku ka motherboard. SSD ya SATA imalumikizidwa ndi kachingwe ndipo imawerenga pafupifupi 550 MB pa sekondi. SSD ya NVMe imalowa pamalo otchedwa M.2. Zambiri zimalembedwa 2280, kutanthauza 22 mm m'lifupi ndi 80 mm m'litali. Ya PCIe 3.0 imafika pafupifupi 3,500 MB pa sekondi, ya PCIe 4.0 pafupifupi 7,000 MB. Mukaika ya 4.0 pa motherboard ya 3.0 igwira ntchito ndithu, koma pa liwiro la 3.0. Pamenepo ndiye kuti mwalipira liwiro limene simuligwiritsa ntchito.

2. Kodi ndi yaikulu bwanji?

Windows 11 payokha imafuna malo osachepera 64 GB. Sewero la Starfield, limene linatuluka mu 2023, limafuna SSD ndi malo okwana 125 GB. Werengerani nokha: SSD ya 256 GB idzaza ndi sewero limodzi kapena awiri basi. Kawirikawiri potsegula sewero, SATA ndi NVMe zimasiyana masekondi ochepa chabe. Ndiye ngati m'thumba mwapepuka, ndi bwino kugula ya 1 TB yothamanga pang'ono kusiyana ndi yaing'ono yothamanga kwambiri.

3. Kodi ikhalitsa?

Timachipu ta SSD timatha mphamvu tikalembedwa kwambiri. Opanga amaonetsa malire ake ndi nambala ya TBW. Ikakula nambalayo, ndiye kuti SSD ipirira nthawi yaitali. Lamulo la ku South Africa la Consumer Protection Act la 2008 limalola wogula kubweza katundu wowonongeka pasanathe miyezi 6, kuti amukonzere, amusinthire kapena amubwezere ndalama. Sungani lisiti. Ngati kompyutayo ikupita ku Malawi, iyesedwe konko ku Boksburg isanakwere basi, pakuti kubweza katundu muli ku Mzimba kapena ku Mangochi si nkhani yamasewera.

Ntchito

Kholo lina lili ndi motherboard ya PCIe 3.0. Ndalama zake zikukwanira NVMe ya PCIe 4.0 ya 500 GB, kapena ya PCIe 3.0 ya 1 TB. Mungalilangize chiyani? Lembani zifukwa ziwiri m'kope mwanu, ndipo mukambirane ndi mphunzitsi mnzanu.

Kumbukirani

Musakopeke ndi nambala yaikulu ya liwiro yolembedwa pa katoni. Funsani kaye: ilowa? Ikwanira? Ikhalitsa?