Za msonkho wa galimoto: mumalipira chiyani, ndipo ndi ziti zingatheke muli kwanu?

Unduna wa Zamtengatenga wakhala ukulandira mafunso kuchokera kwa alimi, amalonda ndi eni magalimoto ena okhudza chimene ambiri amangochitcha kuti msonkho wa galimoto. Mafunsowa amabwerera pa mfundo ziwiri: msonkhowu ndi ndalama zingati, ndipo kodi munthu angaulipire pafoni kapena pa intaneti popanda kupita ku ofesi? Onsewa ndi mafunso omveka, makamaka kwa munthu wa ku Chitipa kapena ku Nsanje, amene ulendo wa ku ofesi umamudyera tsiku lathunthu, mwinanso awiri. Koma yankho lake si nambala imodzi. Ndalama zimene mwini galimoto amapereka ndi zamitundu ingapo, zimapita ku mabungwe osiyanasiyana, ndipo zina mwa izo si msonkho n'komwe. Amene sadziwa kusiyanitsa ndalamazi ndiye amanamizidwa mosavuta.

Msonkho waukulu kwambiri umalipiridwa kamodzi kokha, pamene galimoto ikulowa m'dziko muno. Umenewu amatolera ndi a bungwe la Malawi Revenue Authority, MRA, kaya galimotoyo yadzera pachipata cha Songwe kuchokera ku Dar es Salaam, kaya pa Mwanza, pa Dedza kapena pa Mchinji. Powerengera amayang'ana mtundu wa galimotoyo, kukula kwa injini ndi zaka zake. Ukalipiridwa watha, subwereranso chaka chamawa.

Msonkho wokonzera misewu ndiwo umasokoneza anthu ambiri, chifukwa amaulipira osaumva. Pamtengo wa lita iliyonse ya petulo kapena dizilo pali gawo limene limapita ku thumba lokonzera misewu. Mtengo wa mafuta amawerengera ndi a bungwe la MERA, ndipo gawo la misewulo limaperekedwa ku Roads Fund Administration, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2006 pamodzi ndi Roads Authority. Loyambalo limasunga ndi kugawa ndalama, lachiwirilo limayang'anira ntchito yomanga ndi kukonza misewu. Choncho nthawi iliyonse imene mwaima pamalo omwetsera mafuta, mwalipira msonkho wa msewu. Palibe fomu, palibe mzere, palibenso tsiku loti msonkhowo watha ntchito.

Ife tikuona kuti njira imeneyi imakomera mlimi. Lole ya kampani imene imayenda usana ndi usiku pakati pa Blantyre ndi Karonga imamwa mafuta ambiri, ndiye imalipiranso zambiri, ndipo m'pake chifukwa ndiyo imadya kwambiri msewu. Pikapu ya mlimi imene imakhala pansi pa mtengo wa mango miyezi yambiri, n'kumangoyenda nthawi yogula fetereza ndi yotuta zokolola, imalipira zochepa. Msonkho ukanakhala wa mtengo umodzi pachaka, pikapu yoima ija ikanalipira chimodzimodzi ndi pikapu inzake yoyenda tsiku lililonse. N'zoona kuti mwini chigayo cha dizilo nayenso amaponyamo m'thumbali ngakhale chigayo chake sichiyenda pamsewu, ndipo ena amadandaula nazo. Komabe dizilo yemweyo, zitsulo za chigayo ndi anthu odzagayitsa, onsewo amafika pachigayopo kudzera mumsewu.

Palinso zipata zolipiritsa pamsewu wa M1, cha pa Chingeni chimene chinayamba ntchito mu November 2021 ndi cha pa Kalinyeke ku Dedza chimene chinatsatira mu January 2022. Ndalama za pazipatazi zimapitanso ku Roads Fund Administration, ndipo amalipira ndi yekhayo amene wadutsapo.

Amalonda amene amapitapita ku Chipata amatifunsa kawirikawiri chifukwa chake anzawo a ku Zambia amalipira msonkho wa galimoto pa intaneti. Kumeneko mwini galimoto amalipira msonkho wa msewu payekha ku bungwe la RTSA, ndipo angathe kutero pakompyuta kapena pafoni. Zimenezi zimatheka chifukwa msonkho ndi ndalama chabe, ndipo ndalama zimayenda pafoni. Koma ngakhale kumeneko, kuyeza galimoto kumafuna kuti galimotoyo ioneke ndi maso. Kwathu kuno chimene chimabweretsa mwini galimoto ku ofesi chaka ndi chaka ndi kuyezetsako.

Pagalasi lakutsogolo la galimoto apolisi amayang'anapo mapepala awiri. Loyamba ndi chiphaso chotsimikiza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, chimene tonse timachidziwa ndi dzina loti COF. Chimaperekedwa pansi pa nthambi yoona za pamsewu ya Directorate of Road Traffic and Safety Services, imene anthu amangoti ku Road Traffic, motsatira lamulo la zapamsewu la 1997. Pagalimoto yoyendera mwini wake chimagwira ntchito chaka chimodzi. Pa maminibasi ndi mabasi onyamula anthu chimagwira miyezi isanu ndi umodzi, chifukwa magalimoto otere amatha msanga ndipo amanyamula miyoyo yambiri. Ndalama ya COF ndi malipiro a ntchito yoyeza: mabuleki, matayala, chiwongolero, magetsi, magalasi, komanso kuona ngati nambala ya injini ndi ya thupi la galimoto zikugwirizana ndi zimene zinalembedwa m'kaundula.

Pepala lachiwiri ndi la inshulansi. Ndalama yake sipita kuboma, imapita ku kampani ya inshulansi imene mwasankha, ndiye mitengo imasiyana ndipo muli ndi ufulu wofunsa makampani angapo musanagule. Lamulo limakakamiza inshulansi yoteteza anthu ena, imene makampani amaitcha third party. Imeneyi imalipira munthu amene galimoto yanu yamuvulaza, kapena banja lake ngati wamwalira. Silipira galimoto yanu ikaphwanyika. Tikumbutsenso eni mapikapu ndi malole amene amachita matola pobwera kumsika kuti kunyamula anthu olipira kumafuna chilolezo chakechake. Galimoto yolembetsedwa ngati yoyendera mwini wake ikachita ngozi itadzaza anthu olipira, kampani ya inshulansi ikhoza kukana kapena kudzakufunsani ndalama zimene yalipira, ndipo mlandu wonse umatsalira mwini galimoto.

Tsono za mitengo. Malipiro aliwonse ovomerezeka amakhazikitsidwa ndi lamulo ndipo amalengezedwa poyera. Mwachitsanzo, pamene boma linkakhazikitsa msonkho wa utsi wa magalimoto mu 2019, mitengo inalembedwa momveka malinga ndi kukula kwa injini, kuyambira K4,000 painjini yosapitirira 1500cc mpaka K15,500 painjini yoposa 3000cc. Aliyense ankatha kuona nambala ya injini yake n'kudziwiratu ndalama yake asanachoke pakhomo. Malipiro onse a boma amayenera kukhala otero. Mitengo imasintha boma likaunikanso malamulo ake, n'chifukwa chake tikupempha kuti muzifunsa mtengo watsopano ku ofesi kapena kuona pa zikalata zimene nthambiyi yatulutsa, osadalira zimene mnzanu analipira zaka zitatu zapitazo. Chimene sichisintha n'chakuti mtengo wa boma sukambirana. Ukayamba kutsika kapena kukwera malinga ndi nkhope ya munthu, dziwani kuti si wa boma.

Nanga ndi ziti zingatheke munthu ali kwawo? Chilichonse chimene chili kutumiza ndalama kapena kufunsa uthenga. Makampani ambiri a inshulansi amalandira ndalama kudzera kubanki kapena pafoni, ndipo ali ndi owaimira m'maboma. Misonkho ya MRA imalipirika kudzera m'mabanki popanda kunyamula chikwama cha ndalama kupita nacho kuchipata, zimene zimapulumutsa wamalonda kwa akuba a m'njira. Kufunsa mitengo, maola ogwirira ntchito ndi mapepala oyenera kutenga kumatheka pafoni. Kachindapusa kamene banki kapena kampani ya foni imadula potumiza ndalama n'kochepa poyerekeza ndi mafuta a ulendo wopita ndi kubwerera.

Zimene sizingatheke muli kutali ndi ziwiri, ndipo zonse zili ndi chifukwa chake. Choyamba ndi kuyeza galimoto. Palibe foni imene ingaponde buleki kapena kuona kuti tayala lafika pa waya. Galimoto iyenera kufika pamalo oyezera, kaya a boma kaya a anthu wamba amene nthambi ya Road Traffic inawapatsa chilolezo choyeza magalimoto. Malo a anthu wambawa anatsegulidwa pofuna kuchepetsa mizere ku maofesi akuluakulu a ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba, koma musanalowetse galimoto funsani kuti muone chilolezo chawo. Chachiwiri ndi kutsimikiza kuti inu ndinudi mwini wake. Kaundula wa pakompyuta wa MalTIS, amene anakonzedwanso mu 2015, amasunga chithunzi ndi zidindo za zala za mwini galimoto aliyense. Ena amaona ngati ndi chipsinjo kuti munthu azibwera yekha kudzadinda chala, koma chala chomwecho ndicho chimaletsa munthu wina kusintha galimoto yanu kukhala m'dzina lake inu muli kumunda.

Chimene chimakweza mtengo wa ulendo wa ku ofesi kawirikawiri si malipiro a boma ayi. Ndi mafuta, chakudya, malo ogona, ndipo koposa zonse madobadoba. Awa ndi anthu amene amaima kunja kwa maofesi n'kumalonjera aliyense wooneka wachilendo, amvekere ntchitoyi payekha munthu sangaithe lero, koma iwo ali ndi wowadziwa mkatimo. Amatchula ndalama imodzi yophatikiza zonse, ndipo mlendoyo sadziwa kuti ya boma ndi iti, ya dobadoba ndi iti. Dobadoba si wogwira ntchito m'boma, sapereka lisiti, ndipo akazimiririka ndi ndalama pamodzi ndi blue book yanu palibe kumene mungakamupeze. Njira yovomerezeka ku ofesi ndi yosavuta kuizindikira: mumapatsidwa pepala losonyeza ndalama zoyenera kulipira, mumakalipira kubanki, mumalandira lisiti. Wogwira ntchito aliyense amene angakuuzeni kuti mumupatse ndalama m'manja kapena mumutumizire panambala yake ya foni akuphwanya lamulo, ndipo mukhoza kukam'nena kwa mkulu wa ofesiyo, kupolisi kapena ku bungwe lothana ndi ziphuphu la Anti-Corruption Bureau. Dziwaninso kuti lamulo lothana ndi ziphuphu limagwira wolandira ndi wopereka yemwe.

Masiku ano madobadoba ena asamukira pa WhatsApp ndi pa Facebook, ndipo awa ndiwo akugwiritsa ntchito chilakolako chomveka chimene anthu ali nacho chofuna kuchita zonse pafoni. Amalengeza kuti mukawatumizira chithunzi cha blue book ndi ndalama, COF ikupezani galimoto ili pakhomo. Apa tinene mosapita m'mbali: COF yoperekedwa galimoto isanayezedwe ndi yachinyengo, kaya yasindikizidwa kuseri kwa sitolo, kaya yatuluka mu ofesi kudzera kwa wogwira ntchito wosakhulupirika. Ikakhala yabodza, m'kaundula simupezeka, ndipo wopezeka nayo amayankha mlandu wogwiritsa ntchito chikalata chabodza. Koma choopsa chenicheni si mlanduwo. Lole ya matani atatu yodzaza matumba a chimanga, anyamata otsitsa katundu atakhala pamwamba, ikamatsika chitunda ngati cha Chiweta kapena cha Golomoti imadalira mabuleki, ndipo mabulekiwo palibe amene anawayang'ana.

Nkhani ina imene imabwezetsa anthu ambiri pakhomo la ofesi ndi ya galimoto zogulana popanda kusintha dzina. Munthu amagula galimoto kwa mnzake, amalemberana kalata pamaso pa mboni, amapatsana makiyi ndi blue book, nkhani n'kuthera pomwepo. M'kaundula galimotoyo imakhalabe ya wogulitsa. Tsiku limene wogulayo adzafune kuigulitsanso kapena kukonza mapepala ake, wogulitsa uja amakhala atapita ku Joni kapena atamwalira, ndipo ntchito ya tsiku limodzi imasanduka ya miyezi. Wogulitsa nayenso sali pabwino, chifukwa galimotoyo ikapalamula, dzina loyamba kufunidwa ndi lake. Sinthani dzina nthawi yomweyo yogulana, nonse awiri mulipo, ndalama yomaliza isanaperekedwe. Zimenezi zikukhudzanso njinga zamoto za kabaza, zimene lamulo limafuna kuti zilembetsedwe ndi kukhala ndi inshulansi ngati galimoto ina iliyonse.

Kwa amene akukhala kutali, chofunika ndi chakuti ulendo ukhale umodzi. Onani tsiku lothera COF ndi inshulansi pagalasipo, ndipo yambani kukonzekera kukadali mwezi. Pitani ndi galimoto kwa makaniko wa kwanu kaye kuti aone mabuleki, magetsi onse, matayala ndi galasi lakutsogolo, chifukwa galimoto ikalephera poyeza muyenera kukakonza n'kubweranso, ndipo mafuta a ulendo wachiwiriwo palibe amene angakubwezereni. Tengani blue book, khadi lanu la ku Road Traffic, chiphaso cha unzika ndi pepala la inshulansi. Alimi a fodya ndi ogula mbewu akumbukire kuti misika ya ku Kanengo, Limbe, Chinkhoma ndi Mzuzu ikatsegulidwa cha mu April, galimoto imafunika tsiku lililonse mpaka zokolola zitatha. Ngati mapepala anu akuthera m'miyezi imeneyo, konzani ulendo wokayezetsa nyengoyo isanafike pachimake, ndipo ngati n'kotheka uphatikizeni ndi ulendo wina wa kutauni umene munayenera kuyenda kale.