Msana wa wakabaza ndi mpamba wosalembedwa m'buku

Nkhomaliro yomwe ogwira ntchito ku City Centre ndi ku Capital Hill amadya pamsika wa ku Area 13 mumzinda wa Lilongwe imayamba ulendo wake tambala asanalire kachiwiri. Ufa, nkhuku, tomato, masamba ndi makala zimachokera kutali, monga kumsika waukulu wa ku Old Town kapena ku Wakawaka, ndipo wina mwa katunduyo amafika atamangidwa ndi malamba pakaliyala wa njinga yamoto. Amayi ophika zakudya amadalira akabaza, akabazanso amadalira amayiwo.

Wakabaza aliyense amadziwa ndalama zomwe petulo, oyilo, tcheni ndi matayala zimamudyera pamwezi. Ochepa amawerengera msana. Koma msana ukakana, njinga imagona pakhonde, makasitomala amazolowera munthu wina, ndipo amene amayendetsa njinga ya bwana amapezeka ali ndi ngongole ya masiku omwe sanagwire. Kujomba masiku atatu okha pamwezi chifukwa cha ululu wam'chiuno, pachaka ndi masiku 36, kuposa mwezi wathunthu wopanda cholowa m'thumba.

Vutoli si la ku Malawi kokha. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO likuti m'chaka cha 2020 anthu 619 miliyoni ankavutika ndi ululu wa kumunsi kwa msana, ndipo chiwerengerochi chikhoza kufika 843 miliyoni pofika 2050. Malinga ndi bungweli, palibe vuto lina lomwe limalepheretsa anthu ambiri kugwira ntchito kuposa limeneli. Pa anthu 10 odwala msana, pafupifupi 9 sapezeka ndi nthenda yeniyeni yoti adokotala n'kuiloza. Nthawi zambiri nkhani imakhala ya kakhalidwe, kanyamulidwe ndi kutopa kwa minofu, zomwe munthu angathe kusintha yekha.

Gwero la ululu

Kumunsi kwa msana kuli mafupa 5 osanjikizana, ndipo pakati pa fupa ndi linzake pali kakhushoni kofewa komwe kamachepetsa kugundana. Munthu akakhala mowerama kwa maola ambiri, tikhushoniti timapanikizika ndipo minofu yogwira msana imatopa. Panjinga yamoto pamaonjezereka kunjenjemera kwa injini ndi kwa msewu, komwe kumadutsa pachishalo n'kukathera m'chiuno.

Misewu ya ku City Centre monga Independence Drive ndi Presidential Way ndi yatala, koma ulendo wa wakabaza suthera pomwepo. Makasitomala ambiri amakhala ku Kauma, Mtandire, Senti, Mchesi ndi Area 23, komwe misewu yolowa m'makomo ndi yafumbi, yamaenje ndi zigwembe. Dzenje lililonse lomwe njinga yalowa mothamanga limagunda msana ngati nyundo. Pakakhala vuto la mafuta, wakabaza amathanso maola atakhala pachishalo pamzere wa pafilingi, kapena kukankha njinga mtunda wautali atawerama.

Chachitatu ndi katundu. Wakabaza wa kumsika amagwiranso ntchito ya wonyamula. Amatsika panjinga minofu ili gwa, nthawi yomweyo n'kuwerama kudzutsa thumba la makilogalamu 50 kapena kireti ya zakumwa, uku akupotoza chiuno. Ambiri msana umawathyoka pamenepa.

Njinga yosamalidwa imateteza msana

Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya masipeya, omwe amachokera kunja, inakwera. Eni njinga ambiri amathamangira kugula chomwe chikaonongeka njinga siyenda, monga tcheni ndi pulagi. Mashoko amasiyidwa mpaka kalekale, chifukwa njinga ya mashoko akutha imayendabe. Ntchito yomwe mashokowo akanagwira imagwera msana wa woyendetsa ndi wa kasitomala.

Shoko yakutha imadziwika mosavuta. Imadontha oyilo, imagunda mpaka pansi pahampu, ndipo munthu akadinikiza kumbuyo kwa njinga n'kusiya, njingayo imadumphadumpha m'malo mobwerera kamodzi n'kukhazikika. Njinga zambiri zakabaza zili ndi kamphete kamasitepe kumunsi kwa sipuling'i ya shoko yakumbuyo. Makaniko akhoza kukasuntha kuti sipuling'i ilimbe ngati njingayo imanyamula katundu wolemera tsiku ndi tsiku, ndipo mbali zonse ziwiri ziyenera kukhala pasitepe imodzi.

Mpweya wam'matayala nawo ndi nkhani. Ena amapopa mpaka tayala kuuma ngati mwala poganiza kuti asunga petulo, koma tayala lotere limatumiza kamwala kalikonse kumsana. Muyeso woyenera umalembedwa panjinga pomwe kapena m'kabuku kake, ndipo ndi bwino kupopetsa pamalo omwe ali ndi geji. Siponji ya chishalo ikaphwa mpaka munthu kumamva chitsulo chapansi, osoka mipando ya galimoto amaika ina pamtengo wochepa poyerekeza ndi chishalo chatsopano. Mahandulo opindika pangozi awongoledwe, chifukwa amachititsa munthu kukhala mopendekeka tsiku lonse.

Kakhalidwe ndi kanyamulidwe

Zina sizifuna ndalama. Wakabaza akhale chowongoka, zigongono zitapindika pang'ono, osati kuumitsa manja pamahandulo. Chikwama chandalama ndi foni zichoke m'thumba lakumbuyo, chifukwa kuzikhalira kumapendeketsa chiuno. Pofika pahampu kapena padzenje, achepetse liwiro n'kuponda mwamphamvu popondera kuti matako anyamuke pang'ono, mawondo alandire kugundako. Kuthamanga sikufika, ndipo kasitomala yemwe wanyamula mazira kapena tomato amabwerera kwa munthu woyendetsa modekha.

Pasiteji, ambiri amadikira makasitomala atakhala kapena kugona panjinga pomwepo. Nthawi imeneyo ndi yoti munthu atsike, ayendeyende, agwire m'chiuno n'kupindikira kumbuyo pang'ono kangapo. Kuchita zimenezi pakatha ola lililonse sikuthawitsa kasitomala. Madzulo, kugona chagada n'kukokera mawondo pachifuwa, kenako kutukula chiuno m'mwamba mapazi ali pansi, kumalimbitsa minofu ya pamimba ndi yam'matako yomwe imathandiza msana.

Potsitsa katundu, ndi bwino kuyamba wayenda masitepe angapo kuti thupi limasuke. Ponyamula, apinde mawondo, katunduyo amuyandikize kuthupi, ndipo potembenuka asunthe mapazi m'malo mopotoza chiuno. Mutu umodzi susenza denga: thumba la makilogalamu 50 ndi la anthu awiri. Ogulitsa malonda akhoza kuthandizapo pogawa katundu m'matumba awiri ang'onoang'ono omwe amamangika bwino mbali zonse za njinga. Iwonso akakwera, asakumbatire beseni lolemera pamiyendo atapendekeka. Katundu amangidwe, munthu akhale mowongoka. Katundu akaposa mphamvu ya njinga, maulendo awiri amatchipa kuposa shoko yatsopano ndi sabata yogona pamphasa.

Mankhwala ndi malamba

Msana ukayamba kupweteka, ambiri amathamangira bulufeni, indosidi kapena diclofenac. Mankhwalawa amachepetsadi ululu, koma kumwa tsiku ndi tsiku kwa nthawi yaitali, makamaka ndi njala, kumabweretsa zilonda zam'mimba komanso kumaononga impso. Amene ali ndi BP, shuga, zilonda zam'mimba kapena akumwa ma ARV afunse kaye achipatala. Kuphatikiza mitundu iwiri ya mankhwalawa nthawi imodzi kumangoonjezera chiopsezo. Mankhwala ogulitsidwa pabenchi padzuwa sadziwika ngati ali ndi mphamvu, ndipo bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority limalola malo ovomerezeka okha kugulitsa mankhwala.

Malamba omanga m'chiuno akupezeka ndi mavenda ambiri m'tauni. Malangizo omwe WHO inatulutsa mu Disembala 2023 okhudza ululu wamsana wokhalitsa, womwe wapitirira miyezi itatu, salimbikitsa malambawa, ngakhalenso mankhwala amphamvu a gulu la tramadol, omwe amagonetsa ndipo ndi oopsa kwa munthu woyendetsa njinga. Malangizowo amalimbikitsa masewera olimbitsa thupi, mafizo ndi kuphunzira kusamala msana. Kugona pabedi masiku ambiri kumachedwetsa kuchira. Ululu wambiri umachepa pakatha masabata ochepa munthu akamayendayenda n'kupewa zolemera.

Pali zizindikiro zina zosafunika kudikira. Miyendo ikayamba kufooka, pakati pa miyendo pakachita dzanzi, mkodzo kapena chimbudzi zikamatuluka zokha kapena kukanika kutuluka, munthu apite kuchipatala tsiku lomwelo. Chimodzimodzi ululu ukayamba munthu atagwa panjinga, kapena ukabwera ndi kutentha thupi, thukuta lausiku ndi kuonda, chifukwa TB imagwiranso mafupa a msana. Poyambira ndi pachipatala cha Bwaila, cha ku Area 18 kapena china chapafupi, ndipo iwo amatumiza wodwala ku Kamuzu Central, komwe kuli madokotala a mafizo ndi chipatala cha mafupa ndi mitsempha cha LION.

Masiteji ambiri akabaza ali ndi tcheyamani ndi thumba lothandizana pamaliro ndi pangozi. Thumba lomwelo likhoza kumabwereketsa ndalama ya mashoko ndi chishalo, monga amachitira amayi kubanki mkhonde. Amene amayendetsa njinga za mabwana akambirane poyamba pomwe kuti mashoko akatha agula ndani, ndipo tsiku lomwe woyendetsa wapita kuchipatala liwerengedwa bwanji. M'kabuku kolembamo petulo ndi oyilo muwonjezedwe mzere wa ndalama yosungira mashoko sabata iliyonse, ndi wina wa masiku omwe njinga yagona chifukwa cha msana. Pakutha pamwezi, mizere iwiriyi idzaonetsa yokha chomwe chikudula kwambiri.