Mowa waukali ukamawira: thovu, kutentha ndi ngozi ya mabotolo

Aliyense amene adagulapo paketi ya Chibuku amakadziwa kabowo kamene kali pamwamba pake. Kabowoko n'kotulukira mpweya, chifukwa mowawo umagulitsidwa ukadawirabe. Vuto lomweli limakula kwambiri kwa anthu amene amafulula pakhomo mowa waukali wa chimera cha barele, monga imperial stout ndi barley wine wa ku England kapena tripel wa ku Belgium, womwe ukali wake umayambira pa 8 peresenti kupita m'mwamba.

Gwero la zonsezi ndi shuga. Yisiti akamadya shuga wochokera m'chimera amatulutsa alcohol ndi mpweya wa carbon dioxide, ndipo kilogalamu imodzi ya shuga imatulutsa malita oposa 250 a mpweyawu. Mowa waukali umayamba ndi shuga wochuluka pafupifupi kawiri poyerekeza ndi mowa wamba. Choncho m'masiku atatu oyambirira thovu limafufuma, kukwera mpaka pachivundikiro n'kutseka kotulukira mpweya. Pofika m'mawa, wofulula amapeza chivundikiro chili pansi, mowa uli pakhoma. Ngati chiwiyacho ndi chagalasi, chikhoza kuphulika n'kuvulaza munthu.

Ambiri amalimbana ndi thovulo, pomwe chofunika kuchiyang'anira ndi kutentha. Kuwira kumatulutsa kutentha kwakekwake, moti mowa umene uli mumgolo umatha kufunda ndi madigiri angapo kuposa chipinda chimene ulimo. Ukafunda, yisiti amadya mofulumira, ndipo akadya mofulumira mowawo umafundiratu. Yisiti wambiri wa mowa wamtunduwu amagwira bwino ntchito pa madigiri 18 mpaka 20 masiku oyambirira. Kutentha kukapitirira kwambiri pamenepa, amatulutsa mitundu ina ya alcohol yotchedwa fusel, imene imawotcha pakhosi ndi kununkha ngati thina wa penti, ndipo fungoli silitha msanga ngakhale mowa usungidwe miyezi. N'chifukwa chake kufulula mowa wotere mu Okutobala, pomwe kutentha ku Lilongwe kumafika madigiri 30, n'kudziputira ntchito. Juni ndi Julayi ndiyo miyezi yabwino.

Kuziziritsa sikulira firiji, zomwe n'zothandiza kumalo kumene magetsi amathimathima. Mgolo umaikidwa m'beseni la madzi n'kukutidwa ndi nsalu yonyowa imene m'munsi mwake mukukhudza madziwo. Nsaluyo ikamauma imachotsa kutentha, monga momwe mtsuko wadothi umaziziritsira madzi akumwa. Mabotolo a madzi oundana oponyedwa m'besenimo amawonjezera mphamvu.

Thovu nalo limafuna malo. Malita 20 a mowa waukali amayenera chiwiya cha malita 30, ndipo m'malo mwa kotulukira mpweya kakang'ono, ofulula amalumikiza paipi yonenepa imene mbali inayo imamira m'botolo la madzi oyera. Mpweya ndi thovu zimatuluka, koma ntchentche ndi fumbi sizilowa. Nzeruyi ndi yakale: m'zaka za m'ma 1800, ofulula a ku Burton upon Trent ku England ankatulutsa thovu m'migolo kudzera m'mapaipi opindika n'kulithira m'chiwiya chapamwamba, mowa n'kubwerera mumgolo. Ena amachepetsa mkokomo posathira shuga yense wowonjezera nthawi imodzi, n'kudikira kuti kuwira kuyambe kaye kufooka.

Pali msampha kumapeto. Wofulula amene wachita mantha ndi thovu amatha kuziziritsa mopyola muyezo, yisiti n'kugona ntchito isanathe. Mowawo umaoneka ngati wapsa, koma shuga akadalimo, ndipo ukatsekeredwa m'mabotolo kuwira kumayambiranso mkati mopanda potulukira. Choncho pakatha masiku atatu kapena anayi, nsalu ija imachotsedwa kuti mowa ufundeko pang'ono ndipo yisiti amalize.

Kutha kwa thovu si umboni woti mowa wapsa. Umboni umachokera ku kachipangizo koyandama kotchedwa hydrometer, kamene kamayeza shuga wotsala. Mowa waukali umayambira cha pa 1.080 kapena kupitirira, ndipo nambalayo imatsika tsiku ndi tsiku. Ikaima pamodzimodzi kwa masiku atatu otsatizana, pafupi ndi pamene mtundu wa mowawo umayenera kuthera, m'pamene mabotolo angatsukidwe. Kawirikawiri izi zimatenga masabata awiri kapena atatu.